Bambo Anga mu Sabu A

Amayi anga anapita kukakhala kumudzi wa odwala khate ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhondo yaikulu inali itangotha kumene, asilikali akubwerera m'midzi ndi nsapato zawo zolemera. Tinkakhala m'dera la Nsamala, pamtunda woti ukanyamuka m'mamawa wapansi umakafika ku Utale dzuwa lili paliwombo. Makolo a amayi anachokera kwa Apwitikizi, ndipo pamudzi pathu Chilomwe chinkamveka makamaka akuluakulu akamakambirana zimene sankafuna kuti ana timve. Chaka chimenecho Chilomwe chinachuluka.

Matendawo anayamba ndi kachigamba kotuwa pamkono, kenaka kena patsaya. Anayesa zitsamba kwa miyezi ingapo koma sizinathandize. Tsiku lina amayi akukazinga chimanga anagwira phale lamoto n'kupitiriza kucheza, osamva kanthu, mpaka bambo ataona matuza m'zala zawo. Apo m'pamene anthu anasiya kunamizana. Kumishoni ya ku Utale kunali masisitere amene ankasamalira odwala khate, ndipo abale anagwirizana zoti amayi apite kumeneko.

Ine sanandiuze. M'mawa wa tsikulo amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, ananditenga kuti tikatole masawu kutsidya kwa dambo. Tinakhalitsa kumeneko. Pobwera ndinapeza nyumba yotseka, mphasa ya amayi palibe, chikho chawo palibe. Amayi aakulu anati amayi apita ku Balaka kukaona wodwala, abwera mawa. Mawa lake ananenanso zomwezo. Sankachita zimenezi mwankhanza. Masiku amenewo anthu ankakhulupirira kuti mwana amaiwala msanga ukapanda kumukumbutsa. Ine ndinkakhala pachitsa china m'mbali mwa njira ya ku Balaka, kudikira.

Bambo anali mkamwini, kwawo kunali kwa Kalembo. Patapita masabata angapo abale a amayi anakhala pansi, atsibweni akutsogolera, n'kuwauza kuti palibe amene angawaimbe mlandu akabwerera kwawo kukakwatira wina, poti odwala khate kawirikawiri sankabwerako. Mwana ndi wa pano, anatero, akhala ndi amayi ake aakulu. Bambo anali munthu wosalankhulalankhula. Akuti anayamba kutola timiyala pansi, kenaka anati, "Iyayi. Mkazi wanga sanamwalire. Ndikachoka, akadzabwera adzapeza ndani?" Atsibweni sanakondwe, koma anawasiya.

Masabata onsewo ndinali kwa amayi aakulu. Ankandidyetsa bwino, koma m'mbale yangayanga, madzi m'kachikho kangakanga, ndipo mphasa yanga ankaiyala patali ndi ya ana awo. M'mawa uliwonse ankandiimika padzuwa n'kumanditembenuza kufunafuna chigamba. Ankaopa, ndipo lero ndimawamvetsa, poti anali ndi ana asanu. Bambo ataona izi ananditenga kubwerera nane m'nyumba mwathu. Anayamba kuphika okha, kusinja okha, kupita kuchitsime ndi ndowa pakati pa azimayi a m'mudzi. Ndiwo zawo zinkachuluka mchere nthawi zonse. Kalongonda, nyemba zija zofuna kutaya madzi kangapo pophika, sankadziwa kaphikidwe kake, poti kwawo sankadya. Tsiku lina anamutaya madzi kamodzi kokha, ndipo tonse awiri tinaswera chigonere ndi chizungulire. Tsitsi langa analiyesa kupesa kawiri, kachitatu anangolimeta mpala.

Ine ndinali nditasintha. Kale ndinali mwana wolongolola, woseketsa alendo. Tsopano ndinkalankhula ndi bambo okha, motsitsa mawu. Ndinayambanso kukodza pamphasa. Akapita kumunda ndinkawatsata, kudambo ndinkawatsata, ngakhale akapita kuthengo ndinkaima chapatali n'kumayang'ana pamene alowera. Ana anzanga akandiyandikira ndinkawakanda.

Chaka chotsatira anandilembetsa sukulu. Inali sukulu ya m'mudzi, nyumba yomata ya denga la udzu imene Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Tinkakhala pamitengo yogoneka pansi, ndipo belu lake linali chidutswa cha njanji chopachika mumtengo wa mthethe. Aphunzitsi analipo amodzi okha, achinyamata, a kabudula wa kaki wosita bwino. Ankaphunzitsa makalasi awiri oyamba, Sabu A ndi Sabu B, nthawi imodzi, ena atayang'ana kum'mawa ena kumadzulo. Ife a Sabu A tinalibe masileti, tinkalemba pansi ndi chala.

Tsiku loyamba nditangokhala pamtengo, ana onse anasendera mbali ina, ine n'kutsala ndekha kumapeto. Makolo awo anali atawauza. Pa nthawi yopuma mnyamata wina anapinda zala zake n'kuyamba kundizungulira akutsimphina. Ndinamuluma pamkono mpaka magazi. Aphunzitsi anandikwapula zikoti zitatu. Sindinalire, ndipo atangotembenuka ndinatuluka n'kuthamangira kumunda kwathu.

Zinakhala choncho masabata awiri. Bambo ankandiperekeza mpaka pakhomo la sukulu, koma pemphero la m'mawa lisanathe ine ndachoka kale. Aphunzitsi anawauza kuti mwanayu ngwaukali, komanso mwina mutu wake sukoka, poti sanamvepo liwu lake. Kuli bwino adikire chaka china. Aliyense ankaganiza kuti ndikuthawa kunyozedwa kapena chikoti. Zimenezo zinkandiwawa ndithu, koma si zimene zinkandithamangitsa. Ndikakhala m'kalasi muja mtima unkandiuza kuti andibweretsa kuno monga anandipititsira kumasawu, ndipo ndikabwerera ndikapeza nyumba yotseka. Kanenedwe kake sindinkakadziwa.

Ndikathawa sindinkadzionetsa. Ndinkabisala mu nandolo wa m'malire a munda wathu wa thonje, n'kumawayang'ana bambo akupalira. Tsiku lina anandiona. Sanandikalipire. Anaika khasu pansi, n'kubwera kudzakhala pambali panga mu nandolomo, tonse tikuyang'ana munda. Anafunsa ngati aphunzitsi andimenyanso, ndinapukusa mutu. Anafunsa ngati ndili ndi njala, ndinapukusanso mutu.

"Nanga ukuthawa chiyani, mwanangu?"

"Sindikuthawa," ndinatero. "Ndikudzaona ngati mulipo."

Kenaka anandiuza zonse zimene akuluakulu anandibisira pafupifupi chaka chathunthu: kuti amayi sali ku Balaka koma ku Utale, kuti akudwala khate ndipo akulandira jekeseni, kuti masiku aja ankandisiya kwa amayi aakulu ine ndikulira, iwo ankakhala atapita kukawaona. Ndinafunsa kuti abwera liti. Anati sakudziwa, mwina papita zaka, ndipo safuna kundinamiza. Tsiku limenelo ndinalira kuposa masiku onse, koma pachitsa chija sindinakakhaleponso.

Mawa lake bambo sanabwerere pakhomo la sukulu. Anavula chipewa n'kupempha aphunzitsi kuti awalole kukhala nawo m'kalasi. Aphunzitsi anadabwa. Anati sukulu ndi ya ana, ndipo ansembe akabwera kudzayendera adzawafunsa. Bambo anayankha kuti iwonso sadziwa kuwerenga, ndiye akafunsidwa angonena kuti alandira mwana wasukulu wamkulu msinkhu. Aphunzitsi anaseka, n'kuvomera kuti ayese sabata imodzi. Inakwana miyezi itatu.

Anakhala pamtengo wanga uja, kumapeto kumene kunali malo ambiri, mawondo atafika pafupi ndi chibwano. Khasu ankaliyedzamitsa pakhoma kunja, ndipo tikaweruka ankapita kumunda dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene anzawo akubwerako. Udzu unawapitirira chaka chimenecho, thonje tinakolola lochepa. Amuna a m'mudzi ankawaseka pamowa kuti mkamwini uja anayamba ndi kuphika, tsopano walowa Sabu A, chatsala n'kuvala chilundu. Atsibweni anabwera kudzawadzudzula kuti akundisasatitsa. Bambo ankangoti amva, m'mawa n'kupitanso. Ansembe anabweradi tsiku lina panjinga. Anaima pakhomo, anayang'ana bambo, n'kutuluka ndi aphunzitsi kukalankhulana kunja. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma pochoka anawagwira chanza bambo, ndipo nkhani yowachotsa sinamvekenso.

Sindinathawenso, koma kulankhula sindinkalankhulabe. Ndinkalemba pansi zimene aphunzitsi alemba pabolodi, dzanja lina litagwira malaya a bambo. Aphunzitsi poyamba ankachita nawo manyazi, kenaka anazolowera n'kuyamba kuwafunsa mafunso ngati ana ena onse, kungoti powafunsa ankayamba abisa chikoti kumbuyo. Bambo zilembo zinkawavuta. A, e, i, o, u anazigwira, koma b ndi d zinawasokoneza mpaka kumwalira kwawo. Tsiku lina aphunzitsi analemba "da" n'kuloza iwo. Anaimirira, anakanda m'mutu, n'kunena kuti "ba". Kalasi yonse inafa nacho chiseko, iwonso anaseka nawo. Ine zinandipweteka. Ndinaimirira n'kunena mokweza kuti, "Ndi da. Mimba yake ili uku," ndikuloza ndi chala.

Aphunzitsi anayang'ana bambo, kenaka ine, n'kulemba zilembo zina. Ndinawerenga. Analemba zina, ndinawerenganso, mpaka bolodi inadzaza. Poweruka anandipatsa kachidutswa ka sileti kamene ankasungira a Sabu B. Chiyambire tsikulo sanandikwapulenso, ndipo akaona kuti ndayamba kupsa mtima ankandituma kukafufuta bolodi.

M'kalasi mwathu munali mtsikana wina amene bambo ake anapita kukagwira ntchito ku Halale iye ali kumsana, osabwerakonso. Iyeyu ndiye anayamba kusendera kufupi, koma osati chifukwa cha ine. Ankafuna bambo anga. Ankawaonetsa zimene walemba pansi, iwo n'kumuyamikira, ngakhale sankadziwa ngati walemba bwino kapena ayi. Nsanje inandigwira, ndinamutsina pantchafu mpaka analira. Bambo sanandimenye. Pa nthawi yopuma anatikhazika tonse awiri pansi pa mthethe, anatulutsa chinangwa chootcha chimene ankanditengera, anachinyema pakati, n'kundipatsa zidutswa zonse ziwiri.

"Iwe bambo uli nawo, mnzakoyu alibe," anatero. "Uona wekha."

Atatero anachoka ngati akukamwa madzi. Ndinakhala nthawi ndithu zidutswazo zili m'manja. Kenaka ndinaluma chimodzi n'kumupatsa cholumidwacho, dala, kuti akane. Anangolandira n'kudya. Chidwalire cha amayi panalibe mwana amene anadyapo chinthu chochokera m'manja mwanga. Amayi ake atamva anamukwapula, koma mawa lake anadzakhalanso pambali panga. Ndiye amene anandiphunzitsa phada, n'kumandikokera m'masewera a chipako ena akunyinyirika. Ena aja ataona kuti miyezi ikupita iye osatuluka zigamba, anayamba kusendera mmodzimmodzi. Mnyamata amene ndinamuluma uja anali womaliza, ndipo chipsera chake ankachionetsa kwa ana atsopano powachenjeza kuti asandipute.

Bambo anachoka m'kalasi pang'onopang'ono, ndipo chilichonse ankayamba andiuza. Poyamba anati kuyambira mawa azikhala pakhomo, poti miyendo ikuwawa pamtengo paja. Kenaka anasamukira pansi pa mthethe, pamene ankasema mipini. Ndikamamva kasemasema akugogoda ndinkapitiriza kulemba, akasiya ndinkasuzumira pazenera. Pambuyo pake anati abwerera kumunda, koma chitsulo cha nthawi yopuma chikalira azikhala atafika. Munda unali patali ndithu, koma ankabwera, thukuta lili kamukamu, n'kuima pang'ono, kufunsa zimene taphunzira, n'kubwerera.

Tsiku lina anandiuza kuti mawa sabwera, akupita kumsika wa thonje ndipo adzafika dzuwa litapendeka. Ndinalira, ndinawachonderera, iwo sanasinthe mawu. Tsikulo ndinakhala m'kalasi mpaka kuweruka, mnzanga uja akundilankhulitsa zilizonse kuti ndiiwale. Tikuweruka anandiperekeza mpaka kwathu, n'kukhala nane pakhonde. Dzuwa litapendeka bambo anatulukira ndi kathumba ka mchere paphewa. Cha m'masiku omwewo ndinasiya kukodza pamphasa, ngakhale palibe amene anatchulapo.

M'chilimwe cha chaka chomwecho bambo ananditenga ku Utale. Tinawoloka mtsinje wa Rivirivi uli mchenga wokhawokha. Mudzi wa odwalawo unali ngati midzi ina yonse: nyumba m'mizere, minda ya chinangwa, nkhuku, ana akulira. Zinandidabwitsa, poti ndinkayesa ndi malo amdima. Sisitere wina anatikhazika pansi pa mtengo wa mango, n'kutiuza kuti mwana asakhudzane ndi wodwala. Amayi anabwera n'kuyala mphasa yawo chapatali pang'ono. Anali ataonda, nsidze zitathothoka, dzanja lamanzere lili m'mabandeji. Ndinabisala kumbuyo kwa bambo. Amayi sanandiitane. Anacheza ndi bambo za munda, za mbuzi, za amene wabadwa ndi amene wamwalira, koma maso awo ali pa ine. Bambo anawafotokozera za sukulu, akudziseka okha pa nkhani ya "ba" ija. Amayi anaseka, ndipo chisekocho ndicho ndinachizindikira. Nkhope inali yachilendo, koma kuseka kunali komwe kuja. Ndinatuluka kumbuyoko n'kuyamba kulemba zilembo pafumbi, pakati pa mphasa yawo ndi yathu. Sankadziwa kuwerenga, koma ankafunsa dzina la chilembo chilichonse n'kumabwereza.

Tisananyamuke anati, "Ndinachoka osakutsanzika, mwanangu. Ndinaopa kuti ndikakuona sindipita. Ndinalakwa."

Pobwerera bambo anandibereka kuchokera pamtsinje mpaka kwathu, ngakhale ndinali wamkulu kale.

Kuyambira pamenepo ndinkapita nawo kawiri kapena katatu pachaka. Amayi anakhala kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri. Chakumapeto kunabwera mapiritsi atsopano amene anathandiza anthu ambiri, ndipo iwo anali m'gulu la amene analoledwa kubwerera kwawo. Apo n'kuti ine nditachoka pasukulu ya m'mudzi ija n'kupita kuyaikulu, kumene ndinkayenda ndi mnzanga uja m'mawa uliwonse. Amayi aakulu ndiwo anazira nyumba yathu powachingamira ang'ono awo, ndipo anadya nawo m'mbale imodzi anthu akuona.

Sindinganame kuti zonse zinabwerera mwakale. Ndinkawalemekeza amayi, ndinkawatungira madzi, ndinkawathandiza zimene zala zawo zotsalazo sizikanatha, koma chikandivuta ndinkapita kwa bambo. Nditatha msinkhu, munthu woyamba amene ndinaganiza zomuuza anali bambo, ndipo ndinachita kudzikumbutsa kuti nkhani imeneyi sauza mwamuna. Amayi ankaona zonsezi. Sanadandaulepo, komanso sanandikakamize. Iwonso anali ndi zawo: zaka zija zinawazoloweretsa kusakhudza munthu, moti ngakhale atachira, akamakupatsa chinthu ankachiika pansi kuti utole wekha. Tinkakhala mwamtendere m'nyumba imodzi, koma ngati munthu ndi mlendo wake amene amamukonda.

Ndinamaliza Sitandade 6, ndinakaphunzira uphunzitsi, ndipo ananditumiza kusukulu ina cha ku Machinga. Zaka zambiri ndinaphunzitsa ana oyamba kumene, ndipo mwana akakhala woluma anzake kapena wosalankhula ndinkayamba ndafufuza kuti kwawo akukhala ndi yani. Mnzanga uja anasiyira Sitandade 4 n'kukwatiwa, koma tinkalemberana makalata mpaka ukalamba. Bambo anathera pazilembo zomwe zija. Dzina lawo ankalemba, mochedwa kwambiri, ndipo kumsika wa thonje ankakana kudinda chala, anthu a kumbuyo kwawo pamzere akung'ung'udza.

Nditatsala pang'ono kubereka mwana woyamba ndinabwerera kumudzi monga mwa mwambo. Amayi anakonza zonse, phala, madzi otentha, nsalu, koma khandalo sankaligwira. Mwana atatuluka m'chikuta, anthu obwera kudzamuona ankapatsirana n'kuwadumpha amayi ngati palibe cholakwika, iwonso ankangoima pafupi manja atabisa m'nsalu. Tsiku lina masana tinatsala awiri pakhomo, ine ndi amayi. Ndinawapempha kuti akhale pansi atambasule miyendo, poti ndikufuna kukasamba. Anayang'ana uku ndi uku kufunafuna wina woti amulandire, koma panalibe. Ndinamuika mwanayo pamiyendo pawo n'kunyamula ndowa.

"Anthu adzanena," anatero.

"Anene," ndinayankha.

Ndinasamba mosafulumira. Pobwera ndinapeza atamufungatira bwinobwino, akumuuza motsitsa mawu mayina a anthu onse a pamudzi ndi ubale wake. Mwana ameneyo anakulira pamphasa ya agogo ake. Ndikamukalipira ankathawira kwa iwo, ndipo iwo ankamubisa kumbuyo kwawo n'kundiuza kuti sanamuone.